Loweruka ndi Zakeyu ku Ndirande

Lero kwacha ndi chiperoni, koma ana a Sande sukulu sanaope kuzizira. Ndimafika kutchalitchi cha m'ma 9 koloko iwo ali kale pakhonde, ena atavala majuzi a akulu awo ofika m'maondo. Magetsi anali atazima, ndiye za kiyibodi tinangoiwalako. Mnyamata wina anathamangira kuseri n'kubwera ndi chigubu chopanda madzi, ng'oma yathu inakhala imeneyo.

Phunziro la mawa ndi la Zakeyu, pa Luka 19. Ambiri mwa anawa sanafike powerenga okha Buku Lopatulika, ena angoyamba kumene sitandade 1. Choncho usiku wathawu ndinaika nkhaniyi m'nyimbo yoti ine ndizitsogolera iwo azivomera, ngati mmene agogo ankatiimbitsira pakati pa nthano. Tikafika poti munthu wamfupi uja wakwera mumkuyu ku Yeriko, onse amatalikitsa makosi kusuzumira. Yesu akati atsike msanga, onse pansi khwethe, kuseka kuli kumeneko. Ngakhale kamtsikana kamene kamangoyamwa chala masiku onse lero kanavomera nawo mokweza.

Ndime yachitatu ndi ya lonjezo la Zakeyu, loti theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Tinawerenga kanayiko ndi m'manja. Kenako mtsikana wina anakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndiye iyeyo anatsala ndi chiyani?" Mtima wanga unadumpha. Mwana amene wafunsa chotere sakungotsatira ng'oma, nkhani yamulowa.

Tili mkati, kunabwera mkulu wina wa mpingo, bambo achikulire amene anatiphunzitsa kalasi ife tili atsikana. Anaima pakhomo kumvetsera, kenako anandiitanira pambali. "Mwanangu, zikukoma, koma musawamane nyimbo za m'buku. Mpingo uno unafika ku Blantyre mu 1876, ndipo pamaliro ndi paukwati timaimba za mu Nyimbo za Mulungu. Akadzakula adzaimba chiyani?" Ndinawayankha kuti, "Zoona bambo, tiyambe lero lomwe." Anatsogolera okha nyimbo imodzi, mzere ndi mzere, ana akubwereza. Inali yapang'onopang'ono, koma palibe anatuluka.

Zimene ananenazi zandikumbutsa Deuteronomo 31. Mose ali pafupi kumwalira, Mulungu anamuuza kuti alembe nyimbo, aphunzitse Aisraele, aiike m'kamwa mwawo, chifukwa siidzaiwalika kwa zidzukulu zawo. N'chifukwa chake sindimafuna kupatsa ana makolasi ongosangalatsa mapazi, mawu ake ali mbwerera. Zimene ndimalankhula pabolodi zimathera pachipata, koma nyimbo amapita nayo kumpopi, kusukulu, mpaka kunyumba kumene bambo awo sapemphera. Ngati ikuyenda mtunda wonsewo, iyenera kunyamula zoona.

Masana ndinadzera mumsika kukagula bonya ndi tomato. Mayi wina wogulitsa makala anandiuza kuti mwana wake wafika kunyumba akuimba za mkuyu, mpaka wamufunsa ngati mtengowo ulipo m'phiri la Ndirande.

Panopa ndikulimbana ndi ndime yachinayi, yoyankha funso la mtsikana uja kuchokera pa vesi 9: "Lero chipulumutso chagwera nyumba iyi." Mawuwa akutalika, sakukwana m'kugunda kwa nyimboyo, ndipo sindikufuna kudulapo ngakhale limodzi. Ndikangophula nsima ndipita kwa amayi a Mvano oyandikana nawo nyumba, iwo khutu lawo ndi lakuthwa, andithandize kuwakhazika bwino kusanade.