Nambala ya pathumba ndi chuku cha m'madeya

Lachiwiri lapitali, m'kalasi ya zakudya za ziweto, aphunzitsi anabwera ndi thumba lopanda kanthu la chakudya cha agalu n'kutiuza kuti tipeze nambala ya batch, yosonyeza gulu la matumba opangidwa nthawi imodzi. Tinalitembenuza uku ndi uku, mpaka mnzanga wina anaipeza kumunsi pafupi ndi msoko, timalemba ting'onoting'ono tosindikizidwa pamodzi ndi tsiku lothera mphamvu. Mtima wanga unathamangira kunyumba ku Area 25. Ndikagula chakudya cha galu wathu Mphepo ndimakhuthulira m'bigiri, thumbalo limathera kudzala tsiku lomwelo. Zaka zonsezi ndakhala ndikutaya chinthu chokhacho chomwe chingandiuze ngati chakudyacho chili m'gulu loyenera kubwezedwa.

Kampani ikalengeza kuti chakudya chibwezedwe, nthawi zambiri sikhala ikunena matumba onse a dzina limenelo. Imanena omwe anapangidwa pafakitale inayake m'masiku enaake, ndipo chowasiyanitsa ndi nambala ija. Ukataya thumba umangotsala ndi mantha.

Tinaphunzira za mu 2007, pomwe kampani ya Menu Foods ya ku Canada inalengeza kuti zakudya zake za ziweto zibwezedwe chifukwa cha poizoni wotchedwa melamine yemwe anali mu ufa wa tirigu wochokera ku China. Anthu achinyengo ankamuthira kuti poyeza ziwoneke ngati muli mapuloteni ambiri, koma iye pamodzi ndi mankhwala ena otchedwa cyanuric acid ankapanga timiyala mu impso za amphaka ndi agalu. Nkhani imeneyo ndinangoilemba m'kope. Yomwe inandigwira ndi ya chuku.

Poizoni wa chuku, aflatoxin, anadziwika mu 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Amapangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, yomwe imakonda chimanga ndi mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa pachinyontho. Mu 2011 agalu oposa 200 anafa naye ku Gauteng, ku South Africa, dziko lomwe zakudya zambiri za agalu za m'masitolo athu zimachokera. Mu December 2020 kampani ya Midwestern Pet Foods ku America inalengeza kuti chakudya chake cha Sportmix chibwezedwe chifukwa cha poizoniyu, ndipo bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linalandira malipoti a ziweto zoposa 100 zomwe zinafa. Poizoniyu amawononga chiwindi. Munthu amadya zosinthasintha, koma galu amadya za m'thumba limodzi m'mawa ndi madzulo kwa mwezi wathunthu, choncho poizoni amaunjikana m'thupi. Chinandiwopsa kwambiri n'chakuti kuphika sikumupha, komanso chakudya chikhoza kukhala naye osaoneka nkhungu ngakhale pang'ono.

Zoyenera kuchita ukamva chilengezo n'zosavuta kuloweza, kuvuta kwake kuli pa ndalama. Thumba lomwe wagula modula, ulisiye lili pakati? Inde, ulisiye tsiku lomwelo. Usapatse galu wa aneba, usathirire nkhuku. Ujambule nambala ndi foni, usunge lisiti ndi chakudya pang'ono m'jumbo yomanga bwino kuti mwina chidzafunika kuyezedwa, kenako ubwerere kusitolo komwe unagula. Mbale ndi bigiri zitsukidwe bwinobwino ndi Jik. Aphunzitsi anatsindika za katayidwe, ndipo anali ndi chifukwa. Dzala la kwathu usiku limayenderedwa ndi agalu a mudzi wonse, masana ana amasewera pomwepo. Chakudya chotere n'chofunika kuchikwirira mozama.

Galu amene wadya aonedwe ndi dokotala wa ziweto ngakhale akuoneka wamphamvu, chifukwa chiwindi chimayamba kuwonongeka zizindikiro zisanatuluke. Mu Lilongwe muno tili ndi chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA komanso madokotala ena a ziweto. Zizindikiro zikabwera zimakhala kufooka, kukana kudya, kusanza, kutsegula m'mimba, ndi chikasu m'maso ndi m'nkhama. Nditafika kunyumba ndinakweza mlomo wa Mphepo kumuyang'ana nkhama. Zinali zofiirira bwino, iye n'kumangogwedeza mchira.

Koma ndili m'minibasi pobwerera ndinazindikira kuti phunziro lonseli likukamba za agalu ochepa a mumzinda muno. Ambiri, ngakhale Mphepo mwezi ukafika pakati, amadya phala la madeya kapena nsima ya mgaiwa yosakaniza ndi bonya. Madeya ogula kuchigayo alibe nambala, alibe tsiku, palibe kampani yomwe idzalengeze pa wailesi kuti abwezedwe. Chonsecho m'madeya ndi m'njere zothyoka kapena zofumbwa ndi momwe chuku chimachuluka. Tikamakonola ndi kusankha chimanga chathu timadziteteza tokha, kenako zomwe tachotsazo timapatsa ziweto. Izi zandiwawa, chifukwa ndazichita ndi manja angawa.

Loweruka amayi ankapeta chimanga pakhonde, njere zakuda ndi zobiriwira akuponya m'kabeseni kapadera. Ndinati, "Amayi, zowolazi tisamam'phikirenso Mphepo." Anandiyang'ana kaye, n'kunena kuti, "Mwanangu, galu amadwala ndi chimanga kuyambira liti?" Ndinawafotokozera za chiwindi, ndi zoti kuphika sikuchotsa poizoniyu. Anakhala chete, kenako anati agalu awiri akumudzi anafa chaka china chamvula yambiri maso ali achikasu, anthu n'kumati awathirira tameki. Kabeseniko anandipatsa kuti ndikakwirire kuseri kwa bafa.

Madeya otsala ndawachotsa pansi pasimenti, ndawaika pathabwa, ndipo ndayamba kugula ochepa oti athe msanga. Thumba latsopano la chakudya ndalidula pamene pali nambala, kachidutswako ndamata ndi tepi pachivindikiro cha bigiri.