Zikomo kwa inu amene simuoneka pa kanema

Mtsikana akayamba kutchuka m'zisudzo, anthu amaombera m'manja iye yekha. Ife tikuthokoza inu amene mumamugwira dzanja kuseri.

Zikomo inu osamala za mawu. Wozolowera siteji amakweza mawu kuti amve ngakhale wokhala mpando wakumbuyo, ndiye akachita chimodzimodzi pa kamera mawu amasweka. Ndinu mumamuuza mofatsa kuti atsitse, n'kumubisira kamaikolofoni pansi pa kolala, pamalo poti nsalu kapena mkanda usakhudze, chifukwa kukhulana pang'ono chabe kumabweretsa phokoso, chigawo chonse n'kujambulidwanso.

Zikomo inu omata tepi pansi posonyeza poima. Akapitirira ndi phazi limodzi, nkhope imachoka pa kuwala, mwinanso chithunzi chimachita chimbuuzi. Nanunso osankha zovala, amene mumakana malaya a mizere ing'onoing'ono poti imanjenjemera pa kanema.

Koma amene timawaiwala kwambiri ndi inu olemba zonse m'kope: kapu inali dzanja liti, mpango unamangidwa bwanji, ndolo zinali ziti. Chigawo chimodzi chimatha kujambulidwa masiku osiyana, ndipo popanda kope lanu zidutswazo sizingalumikizike.

Kwa inu akuluakulu amene mumakhala naye pansi kuwerenga kontirakiti asanasaine, kufunsa za malipiro sewero likaonetsedwanso, ndi kuonetsetsa kuti wafika kunyumba bwinobwino kujambula kukatha usiku, tikuti Mulungu akudalitseni.