Kuthira inki m'katiriji ya pulinta kunyumba, mmene ndimachitira kuno ku Chitakale

Pulinta yanga ndi Canon Pixma MG2540, ndipo imalowa makatiriji awiri: PG-445 ya inki yakuda ndi CL-446 ya mitundu. Ndimasindikizira anthu makalata ofunsira ntchito kumaesiteti a tiyi, mapologalamu a ukwati ndi maliro, komanso mafunso okonzekera mayeso a MSCE. Katiriji yakuda yatsopano imabwera ndi inki yokwana mamililita 8 okha, moti nyengo ya mayeso ikafika sichedwa kutha. Kuti ndipeze ina ndimayenera kukwera minibasi mpaka ku Limbe, ndipo ukaphatikiza thiransipoti ndi mtengo wa makatiriji awiri, ndalama yonse ya ntchito imathera momwemo. Botolo limodzi la inki la mamililita 100 limandithirira kambirimbiri.

Anandiphunzitsa ndi alamu anga a ku Luchenza. Mawu awo oyamba anali akuti, "Alamu, musamadikire kuti inki itheretu. Zilembo zikangoyamba kuzilala, thirani tsiku lomwelo." Chifukwa chake n'chomveka. Pansi pa katiriji pali timabowo ting'onoting'ono, ndipo kumbuyo kwa kabowo kalikonse kuli kachitsulo kamene kamatenthetsa inki kuti idonthe papepala. Inki yomweyo ndi imene imaziziritsa kachitsuloko. Ukapitiriza kusindikiza katiriji ili gwa, tizitsuloti timapsa, ndipo tikapsa palibe inki imene ingatidzutse.

Ndimayala nyuzipepala zakale patebulo, n'kuvala magolovesi. Akasowa, majumbo amagwira ntchito. Ndimatsegula pulinta ili yoyaka kuti makatiriji abwere pakati, n'kuchotsa yakudayo. Kumbuyo kwake kuli tizitsulo tonyezimira ngati golide tomwe timalumikizana ndi pulinta. Pamenepo sindigwirapo, ndipo inki isadontherepo. Ndikamatula kapepala ka pamwamba, pamaoneka kabowo kopumira mpweya. N'kakang'ono kwambiri, ndiye ulendo woyamba ndinakakuza pang'ono ndi nsonga ya msomali wowonda kuti singano ya sirinji yothirira inki ilowe.

Tsopano pa kuthira penipeni ndi pamene pamafunika mtima. M'kati mwa katiriji muli siponji, osati thanki yopanda kanthu. Siponji imamwa mwapang'onopang'ono. Ndimakoka mamililita 5 m'sirinji, kulowetsa singano mpaka chapakati pa siponji, osafika pansi, kenako n'kumakankha pang'ono, kuima, kukankhanso. Mamililita 5 amenewo amatha kunditengera mphindi ziwiri kapena zitatu. Inki ikayamba kuonekera pakamwa pa bowo, ndimaleka, n'kukokanso pang'ono kubwerera m'sirinji. Tsiku loyamba sindinamvere izi. Ndinakankha mamililita 10 kamodzi, inki inatulukira pansi, inanyowetsa nsalu ya patebulo ya mayi akunyumba, ndipo masamba oyamba onse anatuluka ndi madontho akuda. Zinandipweteka chifukwa anali makalata a mnyamata amene amayembekeza panja kuti akapereke tsiku lomwelo.

Ya mitundu ili ndi zipinda zitatu: buluu, wofiirira ndi chikasu. Osangoganizira kuti chipinda ichi ndi cha mtundu uti. Ndimalowetsa kamtengo kotokosera m'mano m'bowo lililonse, ndipo kamatuluka ndi mtundu wa m'chipindamo. Mtundu uliwonse uli ndi sirinji yake yomwe ndinailemba ndi pentopeni, ndipo m'chipinda chilichonse ndimathira mamililita 2 basi. Buluu akalowa kwa chikasu, nkhope za anthu pa khadi la ukwati zimatuluka zobiriwira, ndipo kutsuka kwake n'kovuta.

Ndikamaliza ndimabwezera kapepala kaja kapena selotepi, koma ndimaboola ndi singano kuti mpweya uzilowa. Ukatseka kotheratu, inki siitsika. Kenako ndimadinda kunsi kwa katiriji pa tishu yonyowa ndi madzi ofunda. Yakuda iyenera kusiya mzere wakuda bii wopanda mipata, ya mitundu isiye mizere itatu yosiyana bwinobwino. Mzere wina ukasowa, ndimaisiya ikhale pa tishu yofundayo kwa mphindi zingapo kuti inki youma isungunuke.

Ukaibwezera m'pulinta usadabwe kuona kagetsi kakuphethirabe kuti inki yatha. Pulinta simayeza inki imene ili m'kati. Imangowerengera madontho amene yatulutsa chiyambire. Ikakana kusindikiza, ndimadina batani la Stop osasiya kwa masekondi osachepera 5, ndipo imapitiriza. Kuyambira pamenepo siidzakuchenjezanso, woyang'anira ndiwe mwini. N'chifukwa chake ndili ndi kope mmene ndimalemba tsiku limene ndathira. Ndimapanga Cleaning (kuuza pulinta kuti itsuke timabowo) kamodzi pakompyuta, n'kusindikiza Nozzle Check kuti ndione ngati mizere yonse yatuluka.

Nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, phiri la Mulanje likaphimbika ndi nkhungu, mapepala amayamwa chinyezi ndipo zilembo zimafalikira ngakhale katiriji ili bwino. Ndimasunga mapepala m'jumbo lomanga, n'kumatulutsa okhawo amene ndikusindikiza. Sabata ikadutsa popanda ntchito, ndimasindikizabe tsamba limodzi la mitundu yonse kuti timabowo tisaume. Katiriji yakuda imene ndili nayo pano ndaithira kasanu, ndipo mzere wake pa tishu ukadali wathunthu.