Tsiku limene PHP inadula ng'ombe ya amalume pakati

Amalume anandipempha kuti ndiwakonzere tsamba la pa intaneti losonyeza mitengo ya ziweto zawo. Ndinavomera modzitama, ngakhale PHP, chilankhulo cha kompyuta chopangira masamba otere, ndinali nditaiphunzira kwa milungu iwiri yokha. Fayilo ndinaisunga mu C:\xampp\htdocs, ndinayatsa Apache, pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala seva yopereka masamba, n'kulemba localhost/mitengo.php mu Chrome. Apo sindinaphonye, chifukwa ndinkadziwa kuti kodi ya PHP imayenda pa seva. Ukangodina fayiloyo kawiri, siigwira ntchito.

Mzere woyamba, wa lamulo la echo losonyeza mawu pa tsamba, unali uwu:

echo 'Mitengo ya ng'ombe';

Amalume anakoka mpando, anavala magalasi. M'malo mwa mutu wokongola, panatuluka izi: Parse error: syntax error, unexpected identifier "ombe".

"Mphwanga, ombe ndiye chiyani? Ine ndimaweta ng'ombe zathunthu."

Thukuta linayamba kutsika. Vuto linali kakoma ka m'mwamba ka mu ng'ombe. PHP ikaona ' yoyamba imati mawu ayamba, ikaona yachiwiri imati atha. Ndiye kwa iyo mawu anga anathera pa "ng", ndipo "ombe" anatsala panja ngati mbuzi yosowa khola. Chichewa chathu n'chodzaza ndi timisampha timeneti: m'mudzi, n'chiyani, ng'oma. Mankhwala ake n'kuika \ patsogolo pa kakomako, kulemba ng\'ombe. Ndinatero, ng'ombe inalumikizika.

Kenako mtengo. Ndinalemba $mtengo = 450000; ndipo pansi pake echo 'Ng\'ombe imodzi: $mtengo'; Tsamba linasonyeza ndendende: Ng'ombe imodzi: $mtengo.

Amalume anadzuka pampando. "Madola? Wayamba kugulitsa ng'ombe zanga m'madola osandiuza?"

Ndinayesa kufotokoza kuti $ ndi chiyambi chabe cha dzina la variable, kabokosi kosungira nambala kapena mawu mu kodi, koma iwo anali atayamba kale kuwerengetsa malata a nyumba yatsopano. Zoona zake n'zakuti mkati mwa ' ' PHP imalemba pafupifupi chilichonse monga momwe chilili. Mkati mwa " " ndi momwe imachotsa $mtengo n'kuikapo nambala yake. Ndikanayamba ndi " ", ngakhale ng'ombe ija sikanadulidwa. Ndinasintha, ndipo pofuna kuti nambala iwerengeke bwino ndinalemba:

echo "Ng'ombe imodzi: K" . number_format($mtengo);

Kadontho kali pakatiko ndi komwe kamamata zidutswa ziwirizo. Panatuluka K450,000. Amalume anakhala pansi mwakachetechete, malata aja atauluka.

Nditawonjezera mbuzi ndi nkhumba, zonse zinapanikizana pamzere umodzi ngati anthu mu minibasi, chonsecho ndinali nditaika \n, chizindikiro choyambira mzere watsopano, kumapeto kwa mzere uliwonse. Chrome siisamala \n, imafuna
<br>, chizindikiro chodulira mzere pa tsamba. Ndisanakonze, amalume anali atawerenga kale mokweza: "K450,000 Mbuzi."

"Mbuzi ya ndani imeneyo, mphwanga? Ngati wogula alipo, muuze kuti ndili nazo naini."