Malungo ali ndi nambala yake

Amayi anandipeza usiku ndikuloweza mayina a mafupa pa foni. "Iwe, tsopano wayamba kufuna udokotala?" Ndinati, "Ayi amayi, ine ndi wa pa desiki, ndizidzalemba m'manambala zimene dokotala wapeza." Anangopukusa mutu. Kwa iwo ntchito ya kuchipatala ndi jakisoni basi.

Nthenda iliyonse ili ndi nambala yake m'buku la ICD-10 la bungwe la WHO. BP yokwera yosadziwika gwero lake ndi I10. Koma amene anandiphunzitsa kufatsa ndi malungo. Dokotala akangolemba kuti malungo osatchula mtundu, nambala ndi B54; magazi akaonetsa kachilombo ka falciparum, umapita ku B50. Tsiku loyamba ndinalemba B54 pa mafunso onse oyeserera, n'kulakwa ambiri, chifukwa sindinawerenge za ku labu zimene zinali m'munsi mwa pepala. Chikhazikitsireni NHIMA, bungwe la boma la Zambia loona za inshuwalansi ya zaumoyo, ndi lamulo la 2018, zipatala zimatumiza mabilu ku inshuwalansi, ndipo fomu yolembedwa mwachisawawa ikhoza kubwerera, chipatala n'kumadikira ndalama zake.

Pang'onong'ono ndikanataya ndalama pa kosi ya pa intaneti yokonzekera mayeso a CPC, satifiketi ya ntchito yolemba manambalayi yochokera ku bungwe la AAPC la ku America. Si yoipa ayi. Kungoti imakhazikika pa manambala a CPT, oimira ntchito zimene dokotala wachita pa wodwala, ndi malamulo a inshuwalansi za Amereka, ndipo umalipira m'madola. Wofuna kugwirira ntchito makampani akumeneko ali khale kuno ku Chipata, njira yake ndi imeneyo, bola akhale ndi laputopu ndi netiweki yosadukaduka. Koma wolakalaka desiki ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete, ine ndikuona kuti ayambe ndi zapafupi: satifiketi ya giredi 12 yokhala ndi bayoloji, dzanja lozolowera kompyuta, mawu a zachipatala, ndiponso kuzolowera SmartCare, imene zipatala zambiri za boma zimasungiramo mbiri ya odwala. Koleji iliyonse yoitanira anthu pa Facebook, ndimayamba ndafunsa ngati inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zaluso.

ICD-11, buku latsopano lolowa m'malo mwa ICD-10, linayamba kugwira ntchito mu 2022, ndiye tsiku lina ndidzayambanso kuloweza. Pakali pano ndili pa chaputala cha ICD-10 cha manambala oyamba ndi O, cha amayi oyembekezera, ndipo bando yanga ikutha Lachisanu.