Khofi wa anthu sikisi

Amene anandiuza kuti Hialeah ndi ku America komweko sananame, koma anabisa zambiri. Ine ndinkakhala ku South Bend, ku Indiana, komwe Amalawi tinachulukana moti ukangoyetsemula m'sitolo pamapezeka wina wofunsa ngati kwanu ku Thyolo chimanga chacha. Chizungu changa cha Folomu 4 chinkandidyetsa bwinobwino kumeneko. Chimene chinanditopetsa ndi kuzizira. Munthu wobadwira ku Makwasa kumadzuka usikusiku kukafosholera sinowo kuti galimoto ituluke, msana n'kumalira, ayi ndithu, ndinati zithere pomwepa. Mnzanga wina atanditsina khutu kuti nyumba ina yosamalira okalamba ku Florida ikufuna anthu, ndinalongedza katundu, mayi a kunyumba n'kutsala kuti ana amalize kaye sukulu.

Hialeah ndi mzinda wogundana ndi Miami, wa anthu oposa 220,000, ndipo pa anthu 100 alionse, oposa 90 ndi a m'mabanja olankhula Chisipanishi, makamaka ochokera ku Cuba. Zimenezi ndinaziwerenga ndisananyamuke, koma kuwerenga n'kwina, kuona n'kwina. Wogulitsa petulo, wometa tsitsi, wa ku banki, ngakhale kamwana kodzapempha mpira wake utagwera kumpanda, onse amayamba kukulankhula Chisipanishi. Khungu lakuda silikupulumutsa, amangoyesa ndiwe wa ku Santiago, ku Cuba komweko, kapena wa ku Dominican Republic amene wadzuka ndi matama. Ukayankha m'Chizungu amakuyang'ana mwachifundo, kenako amabwereza zomwezo mokweza mawu. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya bambo wina, kamene kale kanali galaja, ndipo pabwalo panali mtengo wa mango, nthochi ndi tambala. Nditaona tambalayo mtima unakhala m'malo.

Nkhani ya khofi ndikufuna ndiifotokoze ndekha, chifukwa mmene amaikambira kuntchito munthu angayese ndine mbava.

Masiku oyamba ananditsekera m'kaofesi kuonera mavidiyo a kanyamulidwe ka odwala ndi kasambidwe ka m'manja, choncho za m'wodi sindinkazidziwa. Tsiku limene ndinalowa m'wodi, nthawi itangokwana 3 koloko masana, nesi wamkulu, mayi wojintcha wa magalasi olendewera pa tcheni, anandikodola ndi chala. Anandifumbatitsa madola awiri n'kuloza kutsidya kwa msewu.

"Colada, mijo. Khofi. Pita."

Mawu amene ndinatolapo ndi amenewo, ena onse anapita ndi mphepo. Ndiye weruzani nokha. Ndinu mlendo pantchito, abwana akupatsani ndalama, akuti khofi, akuti pita. Mungaganize chiyani? Ine ndinati anthu awa analeredwa bwino, akulandira mlendo. Ndinawomba m'manja pang'ono n'kutuluka.

Ku Hialeah khofi sulowera m'kati. Pakhoma la lesitilanti pamakhala kawindo, amati ventanita, ndipo anthu amaima panja, zigongono pakauntala, kunyoza boma la ku Havana ndi kukangana za baseball. Mayi wa pawindopo ananditchula "mi amor" (wokondedwa wanga) tisanadziwane n'komwe, zimene mayi a kunyumba sindinawauzebe. Ndinatchula mawu aja, colada, n'kuima kuonerera. Anathira shuga m'kajagi kachitsulo, masupuni amene ndinasiya kuwerenga. Anadonthezeramo timadontho toyamba ta khofi wotuluka m'makina, kenako anapukusa ndi supuni mwaukali, mkono wonse ukugwedezeka, mpaka shuga uja anasanduka phala lofiirira. Atathiramo khofi yense, pamwamba panayandama thovu lokhuthala. Anatsanulira m'kapu yoyera yopepuka ija timataya tikamwera, yaifupi kuposa chala changa chamkombaphala, anavindikira, n'kusanjikapo timakapu tapulasitiki tating'onoting'ono tolowetsana. Tinalipo sikisi.

Timakaputo ndinatizindikira nthawi yomweyo. M'mavidiyo aja ndinali nditaona timakapu toikamo mapilitsi a okalamba. Ndinati ahaa, abwana ndi ochenjera: mlendo amwe khofi, pobwerera atengeko timakapu ta mankhwala. Zoti lesitilanti ikugawa ziwiya za kuchipatala sizinandidabwitse. Mumzinda umene nkhuku zimaoloka msewu pa maloboti, munthu sufunsa zambiri. Ndinatiika m'thumba la yunifolomu.

Mbiri yanga ndi khofi ndi yaifupi. Ndinakulira pafupi ndi mishoni ya Malamulo, m'banja la Seventh Day lenileni. Amayi anathyola tiyi ku esiteti zaka zambiri koma sanalaweko ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo kwathu m'mawa tinkamwa madzi otentha ofinyiramo ndimu. Tiyi ndinayamba nditakula, mobisa. Khofi wa ku Indiana amene ndinkamwa pa shifiti ya usiku anali madzi ofiirira m'chikapu chachikulu, woti ukhoza kumwa n'kugona pampando pomwepo. Ndiye kakapu aka ndinakaderera. Ndinachotsa chivindikiro, ndinauzira, ndinagugudiza kawiri, kachitatu n'kuti katatha.

Kukoma kwake musafunse. Kuwawa ndi kutsekemera zinafika limodzi, zikukanganirana lilime. Mkulu wina amene anaima pambali panga, wa chipewa cha mlaza ndi chindudu chosayatsa pakamwa, anasiyira nkhani yake panjira. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine, kenako anavula chipewa chija n'kuchigwira pachifuwa. Ndinayesa ndi ulemu wa kumeneko, nanenso ndinawerama.

Nditabwerera ndinapeza anthu asanu atazungulira tebulo la manesi. Wokolopa anali atatsamiritsa chokolopera kukhoma, wa kukhitchini anabwera ndi epuloni yake, mnyamata wokonza mapaipi nayenso analipo akupukuta m'manja. Ku Miami manambala ambiri a foni amayamba ndi 305, ndiye anthu anangogwirizana kuti 3:05 masana ikhale nthawi ya khofi, ndipo ikakwana ntchito imaima. Tsiku limenelo palibe anali atandiuza. Ndinaika timakapu patebulo mwaulemu, chenji pambali pake.

Nesi wamkulu anayang'ana m'manja mwanga. Anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Khofi ali kuti?"

"Zikomo kwambiri, mayi," ndinatero m'Chizungu changa chosalala. "Anali wokoma zedi."

"Wamwa?"

"Eya."

"Yense?"

"Sanali wambiri."

Palibe anaseka. Wa kukhitchini anachita chizindikiro cha mtanda. Nesi wamkulu anavala magalasi ake, anandigwira pamkono n'kuyamba kuyang'ana wotchi.

Ali chigwirire mkonowo mpamene anandifotokozera kuti m'kapu muja munali khofi wowirira wokwana anthu asanu kapena sikisi. Aliyense amathiridwa m'kakapu kake, kumwa kamodzi, kucheza pang'ono, n'kubwerera kuntchito. Ine mpaka lero mlanduwu ndimaukana. Kapu imodzi, chivindikiro chimodzi, wotumidwa mmodzi. Kwathu ukaitana akuluakulu sikisi kuti agawane chakumwa chosadzaza kapu ya mwana, amfumu akhoza kukuitanitsa kubwalo. Akanafuna kuti ndigawe akanandipatsa ketulo.

Ndisanamalize kudziteteza, khofi anafika. Mtima unayamba kugunda ngati chigayo cha dizilo cha pa Luchenza, thi thi thi thi, mpaka baji ya pachifuwa inkanjenjemera. Makutu anatseguka, ndinkamva wotchi ya m'chipinda chakumapeto. Thupi linakana kukhala pansi. Ndinayala mabedi onse a m'wodimo, oyalayala ndinawayalula kuti ndiwayalenso. Ndinalanda chokolopera kwa mwini wake. Ndinapinda matawulo, ndinasanja mafayilo, ndinapukuta mawindo amene sanapukutidwepo chimangire nyumbayo. Chilomwe cha agogo anga, chimene ndinaiwala ndili Sitandade 5, chinabwerera chonse, ndipo ndinkachilankhula kwa aliyense wokumana naye. Palibe anadandaula, poti Chizungu changa chomwe sankachimva.

M'chipinda chakumapetocho munali agogo ena aamuna amene anabwera pa boti kuchokera ku Cuba mu 1980, chaka chimene Fidel Castro anatsegula doko la Mariel, anthu pafupifupi 125,000 n'kuwoloka nyanja m'miyezi yochepa. Agogowa sankalankhula ndi munthu, ankangokhala ndwii kuyang'ana pawindo. Wina, posafuna kundiona ndikupukuta denga, anandituma kuti ndikawatenge pa njinga yawo kupita nawo kokadya. Ine ndinkadziona kuti ndikuyenda bwinobwino. Mboni zikuti ndinkathamanga. Pokhota pakona ya khonde tayala limodzi linanyamuka, ndipo agogo aja anakweza manja onse awiri n'kukuwa mawu amene manesi anakana kundimasulira. Titafika pakhomo la kodyera anandimenya padzanja n'kuloza kumene tachokera, kuti tibwerezenso. Nanga mkulu ungamukanire? Tinazungulira wodi yonse mpaka nesi wamkulu anaima pakati pa khonde atatambasula manja.

Anandikhazika pansi, anandiyeza BP, anayang'ana makina, anawagogoda, n'kuyezanso mkono winawo. Anandipatsa botolo la madzi ndi lamulo loti ndisayandikirenso wodwala aliyense mpaka poweruka.

Poweruka mpamene zinavuta. Foni inali itazima, ndipo Hialeah ili ndi manambala akeake a misewu, osiyana ndi a madera ena onse ozungulira Miami. Msewu womwewo, chikwangwani china chikuti West 49th Street, china chikuti NW 103rd Street. Munthu wa mutu wozizira amasochera, nanga ine amene maso ankawerenga zikwangwani zitatu nthawi imodzi? Ndinayendetsa, ndinakhota, ndinayendetsanso, mpaka ndinayamba kuona nyumba za madenga ozungulira ndi nsanja zonga za mzikiti. Chikwangwani chinati Ali Baba Avenue. Ndinatsinzina n'kupenyanso. Kutsogolo kunali china, Sharazad Boulevard. Ndinaimika galimoto pambali, ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kupemphera pemphero langa loyamba la chaka chimenecho. Zoti khofi amachotsa tulo ndinkadziwa, koma zoti amatha kufikitsa munthu ku Arabia pa Toyota yakale sindinazimvepo. Mawa lake anandiuza kuti ndinali ku Opa-locka, tauni yoyandikana nayo chakumpoto, imene Glenn Curtiss, mkulu wina wopanga ndege, anaimanga m'ma 1920 motengera nthano za Aluya. Zimenezonso palibe anandichenjeza.

Kunyumba ndinafika kutada. Tulo ayi. Ndinakolopa kachipinda kaja, ndinasita malaya onse mpaka masokosi. Pakati pausiku ndinaimbira mayi a kunyumba kuwafotokozera mapulani omanga nyumba za lendi ku Bangwe, chiwerengero cha njerwa ndi malata chomwe. Anamvetsera, anamvetsera, kenako anati, "Abambo, mawa ndikupita kuntchito ine," n'kudula. Tambala wa eni nyumba atalira koyamba anandipeza ndili panja ndikutsuka galimoto. Anandiyang'ana ndi diso limodzi, sanalirenso.

Cha m'ma 3 koloko ndinakumbukira kuti kumudzi ndi 9 koloko m'mawa, ndiye ndinaimbira amayi. Ndinawalonjera, ndinafunsa za mbuzi, za denga la khitchini, za maliro a chaka chatha, za mtengo wa fetereza, osawapatsa mpata woyankha.

"Iwe, tapuma kaye. Akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe, amayi. Ndangomwa khofi basi."

Kunali zii. Ndinkamva nkhuku za kwathu pa foni.

"Khofi."

"Pang'ono pokha. Kapu imodzi."

"Ine ndinathyola tiyi mpaka zala kupindika osalawako, kuti iwe ukamwe khofi ku America?" Anapumira m'mwamba. "Ukanamwa kachasu bwenzi pano utagona. Sabata likubwerali ndikawauza akulu a mpingo."

Kuntchito nkhani inafika ine ndisanafike. Mpaka pano akandituma ku kawindo amanditumiza ndi mayi wokolopa uja: iye amanyamula kapu, ine ndimanyamula timakapu. Mayi wa pawindo akandiona amaitana anzake a kukhitchini kuti adzandione. Agogo a ku Mariel amakana kukankhidwa ndi wina aliyense, ndipo ndikangogwira njinga yawo amakunga manja m'zogwirira kudikira, kenako amang'ung'udza njira yonse chifukwa ndikuyenda ulendo wa munthu wamba.

Patapita milungu ingapo kunamveka mphekesera yoti a boma oyendera nyumba za okalamba akhoza kutulukira tsiku lililonse. Wodi inali mbwee, matawulo uku, mafayilo uko, mawindo atadanso. M'mawa nditangovala yunifolomu, nesi wamkulu anandikodola ndi chala chija. Patebulo panali colada yotentha, pambali pake makina a BP, ndipo chokolopera anali atachitsamiritsa kumpando. Ndinafunafuna timakapu, panalibe.

"Imwa, mijo," anatero. "Uyambire mawindo."