Mmene Ndimadziwira Zaka za Chithunzi Chakale cha M'banja

Ndisanatsegule felemu, ndimayamba ndaijambula ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa pepala lakumbuyo limathetheka misomali ikangochoka. Kenako ndimaigoneka chafufumimba pansalu yoyera. Chithunzi chikakhala kuti chamatirira pagalasi, ndimalekera pomwepo. Chinyezi ndicho chimachimata, ndipo kuchikoka n'kusiya nkhope ya agogo pagalasipo.

Felemu imandiuza zochepa. Misomali ya mbali zinayi nthawi zambiri ndi ya zaka za 1890 zisanafike, yobulungira inafala pambuyo pake, ndipo masikuluwu a mutu wamtanda anayamba m'ma 1930. Nyuzipepala yoikidwa kumbuyo imasonyeza nthawi imene felemu inatsekedwa komaliza, osati tsiku lojambula. Anthu ankasinthasintha mafelemu, choncho umboni weniweni uli pachithunzi.

Apa ndiye ndimafatsa. Ndimayandikiza maginito kumbuyo kwake. Akakoka, ndi tintype, chithunzi cha pachitsulo chopyapyala, chomwe chinayamba m'ma 1850 ndipo chinapitirira mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1900. Chonyezimira ngati kalilole, chimene nkhope imazimirira mukachipendeketsa, ndi daguerreotype, cha pakati pa 1839 ndi cha m'ma 1860. Pamwamba pake musakhudze ngakhale pang'ono, pamafufutika.

Chikakhala pepala lopyapyala lomatidwa pakatoni, ndimayeza katoniyo. Ya masentimita pafupifupi 6 ndi 10 inatchuka m'ma 1860, pamene yaikulupo, ya 11 ndi 16, inafala m'ma 1870 mpaka 1890. Dzina ndi adiresi ya wojambula zimasindikizidwa pomwepo, ndipo zaka zimene anagwira ntchito pamalopo zimafupikitsa kufufuza. Ngati kumbuyo kuli ngati positikhadi yokhala ndi mzere wogawa pakati, si cha 1902 isanafike. Mumdima ndimawunikira ndi tochi ya UV (yotulutsa kuwala kwapadera kotchedwa ultraviolet): pepala lowala mobiriwira ngati mtambo ndi la m'ma 1950 kapena pambuyo pake.

Samalani ndi zithunzi zazikulu za m'felemu yozungulira ngati dzira, ya galasi lotukuka. Zambiri ankazikulitsa kuchokera ku kachithunzi kakale, mwina mwini wake atamwalira kale, ndiye nkhope imakhala yakale kuposa pepala.

Zovala ndimaziona pomaliza, makamaka za achinyamata, poti akuluakulu ankavala masitayelo akale kwa zaka zambiri. Zomwe ndapeza ndimalemba ndi pensulo papepala lina lopanda asidi, n'kuliika kumbuyo kwa felemu. Bolopeni imadinda chithunzi, ndipo inki yake imalowerera.